DNA imafuna mapuloteni, mapuloteni amafuna DNA, nanga chinayamba nchiti?

Mphunzitsi_Namwera analemba:

Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Namwera, nde ndili ndi funso loti mwina ena mwa inu amene munapita patali ndi sayansi mungandithandize. Tili pa mutu wa genetics ndi ana a Folomu 4. Ndawauza kuti DNA ndi imene imasunga malangizo opangira mapuloteni mthupi, kenako ndawauzanso kuti DNA payokha siingadzikopere, pamafunika ma enzyme oti ayimasule nkuyikopera, ndipo ma enzyme amenewo nawonso ndi mapuloteni. Mtsikana wina wokhala kumbuyo nkukweza dzanja amvekere, "Aphunzitsi, ngati DNA siingachite kanthu popanda mapuloteni, mapuloteninso sangapangike popanda DNA, nanga poyambirira penipeni chinayamba nchiti?"

Buku limene tikugwiritsa ntchito silikufika kumeneko, koma mwanayo wafunsa zenizeni ndipo sindikufuna kumubweza ndi mawu oti izo sizibwera pa mayeso. Asayansi amati makina onsewa, DNA, RNA, ribosome, ma codon aja (timagulu ta zilembo zitatuzitatu toimira zomangira za mapuloteni), anayamba bwanji pamene moyo unkayamba padziko? Pali umboni wogwirika kapena nzongoganizira? Chonde ndithandizeni.

Mayi_wa_ku_Labu anayankha:

Aphunzitsi mwana ameneyo mumusamale ndithu, funso lakelo linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Yankho limene ambiri akuligwira pano ndi loti pa ziwirizo palibe chimene chinayamba, chinayamba ndi chachitatu, RNA.

Inetu RNA ndimakumana nayo kuntchito. Magazi aja timatenga a viral load, chimene makina amawerenga mmenemo ndi RNA ya kachilombo ka HIV, chifukwa kachilomboka malangizo ake onse kamanyamula mu RNA osati mu DNA, kakalowa mu selo mpamene kamakopera RNA ija kukhala DNA pogwiritsa ntchito enzyme yotchedwa reverse transcriptase, ndipo tenofovir ndi lamivudine amene ali mu mankhwala a ARV aja a TLD ntchito yawo nkutsekereza enzyme yomweyo. Nde apa mbali imodzi yaoneka kale, RNA imatha kusunga malangizo. Zilembo zake nzinayi, A, U, G, C, ndipo A amagwirana ndi U, G amagwirana ndi C. Kugwirana kumeneku ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa chingwe chimodzi cha RNA chimakhala ngati chikombole cha njerwa, chotulukamo chimatengera mpangidwe wake, kungoti apa chotulukacho nachonso chimasanduka chikombole chobweza choyamba chija.

Mbali yachiwiri ndi imene inadzidzimutsa anthu. Kale aliyense ankakhulupirira kuti enzyme iliyonse ndi puloteni basi. Mu 1982 Thomas Cech ku Colorado, akufufuza kanyama ka selo imodzi ka m'madzi kotchedwa Tetrahymena, anapeza RNA imene imadzidula yokha nkuchotsa kachigawo kapakati kenako nkudzilumikizanso, popanda puloteni iliyonse kuthandizapo. Chaka chotsatira gulu la Sidney Altman ku Yale linaonetsa kuti mu enzyme ina yotchedwa RNase P, chimene chimadula ndi RNA. Awiriwa analandira Nobel mu 1989. RNA yotere amaitcha ribozyme. Chimachitika nchakuti chingwe cha RNA chimakhala chimodzi, nde chimadzipinda chokha zilembo zake nkugwirana zokhazokha, pamatuluka kampangidwe kokhala ndi timaenje momwe zinthu zimalowa nkudulidwa kapena kulumikizidwa. Chinthu chimodzi ntchito ziwiri, kusunga malangizo ndi kugwira ntchito. Carl Woese, Francis Crick ndi Leslie Orgel anali ataganizapo kale zimenezi m'ma 1960 umboni usanapezeke, ndipo dzina loti RNA world analipereka Walter Gilbert mu 1986.

Koma umboni umene umandigwira mtima ineyo ndi wa ribosome, makina aja opangira mapuloteni. Mu 2000 ataijambula atomu ndi atomu anapeza kuti pamalo penipeni pamene ma amino acid, zomangira za mapuloteni, amalumikizidwa palibe puloteni, pali RNA yokhayokha, mapuloteni ali mmbalimbali kuchirikiza. Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath analandira Nobel mu 2009 pa ntchito imeneyi. Taganizani, puloteni iliyonse ili mthupi mwanu, ya mu chambo, ya mu chinangwa, ya mu udzudzu, inalumikizidwa ndi RNA. Pali zinanso, selo ikafuna zomangira DNA imayamba yapanga zomangira RNA kenako enzyme ina nkuchotsapo atomu imodzi ya oxygen, ndipo kukopera DNA kumayamba ndi kachidutswa ka RNA. Ngakhale ATP imene mumawaphunzitsa pa respiration ija, ndi chilembo A cha RNA chokhala ndi ma phosphate atatu. Zonsezi zikuloza kumodzi, RNA ndi yakale, DNA inabwera pambuyo chifukwa imakhalitsa siionongeka msanga, mapuloteni anatenga ntchito zambiri chifukwa ali ndi zomangira 20 osati 4.

Mwana_wa_Monkey_Bay anayankha:

Mayi afotokoza bwino kwambiri, ine ndingowonjezera mbali ya kemisitile poti ndi imene ndikuphunzira ku Zomba, komanso ndi kumene kuli mavuto enieni. Tikati RNA ndi imene inayamba funso la mwana uja silinathe ayi, afunsanso kuti nanga RNA-yo inachokera kuti?

Dziko lathuli lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo miyala ya ku Pilbara ku Australia imaonetsa zizindikiro za tizilombo ta zaka pafupifupi 3.5 biliyoni. Nde zimene tikukambazi zinachitika penapake pakati apo, nthawi imene mpweya wa oxygen kunalibe mumlengalenga. Mu 1952 Stanley Miller ali mwana wasukulu ku Chicago pansi pa Harold Urey anatsekera madzi, methane, ammonia ndi hydrogen mmabotolo a galasi, nkumawotcha madziwo ndi kuthethetsamo magetsi kuyerekeza mphenzi, patatha masiku madzi aja anasintha mtundu ndipo munapezeka ma amino acid monga glycine ndi alanine. Mu 1961 Joan Oró anapanga adenine, chilembo A chija, kuchokera ku hydrogen cyanide ndi ammonia. Eee, poizoni amene timamuopa mu chinangwa chowawa yemweyo ndi amene ali pa chiyambi cha ma reaction ambiri a nkhaniyi.

Vuto linali loti chomangira chimodzi cha RNA chili ndi zigawo zitatu, chilembo, shuga wotchedwa ribose ndi phosphate, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankapanga chilembo pachokha shuga payekha koma kuti azilumikize, makamaka C ndi U, zinkakanika. Mu 2009 gulu la John Sutherland ku Manchester linapeza njira ina, osapanga zigawozo padera koma kudzera mu kanthu kapakati kokhala ndi theka la shuga theka la chilembo, ndipo zinatheka, kuwala kwa UV, konga kamene kamachokera ku dzuwa, kunathandizanso. Zomangira zina zinagwa kuchokera kumwamba. Mwala umene unagwa ku Murchison ku Australia mu 1969 unali ndi ma amino acid ambiri. Fumbi limene a ku Japan anakatenga pa asteroid (chimwala choyenda mumlengalenga) yotchedwa Ryugu munapezeka uracil, chilembo U chija, ndipo limene NASA inabweretsa mu 2023 kuchokera pa Bennu munapezeka zilembo zonse zisanu za DNA ndi RNA (chachisanu ndi T, amene mu DNA amalowa mmalo mwa U) komanso ma amino acid 14 mwa 20 aja. Nde zomangira zokha sizikuoneka zosowa.

Kuzilumikiza kuti zikhale chingwe ndiye nkhani ina. Kulumikiza kulikonse kumatulutsa madzi, nde mukakhala mmadzi ambiri reaction imakonda kubwerera mmbuyo, chingwe chimaduka mmalo mokula. Nchifukwa chake ambiri amaganiza za malo onyowa nkuuma, kunyowanso nkuumanso. Amene mumadutsa mmbali mwa Malombe mu Okutobala mwaonapo zithaphwi zikamauma, madzi amapita koma zonse zimene zinasungunuka zimatsalira pa dothi zitathinana, pena mpaka kumaoneka toyera pamwamba pa ming'alu, mvula ikabwera nkuzisungunulanso. Malo otero pa dziko lakalelo, kapena mmbali mwa akasupe otentha, akanathandiza kulumikiza. Darwin naye mu kalata yake kwa Joseph Hooker mu 1871 anatchulapo za kadziwe kakang'ono kofunda. James Ferris anaonetsa kuti dongo lotchedwa montmorillonite limathandiza kulumikiza zomangira za RNA mpaka pafupifupi 50, ngakhale iye anagwiritsa ntchito zomangira zoti wazipatsa kale mphamvu mu labu.

Palinso gulu lina, a Michael Russell ndi a Nick Lane, amene amati ayi moyo unayambira pansi pa nyanja yamchere pa ming'alu yotulutsa madzi ofunda monga Lost City imene inapezeka ku Atlantic mu 2000, ndipo amati chinayamba ndi ma reaction otulutsa mphamvu, RNA inadza pambuyo. Mfundo yawo pa mphamvu ndi yolimba, koma ineyo ndimapendekera ku madziwe a pamtunda chifukwa cha vuto la madzi lija komanso UV safika pansi pa nyanja.

Aphunzitsi chimodzi chokha, musakawauze ana kuti nkhaniyi inatha. Palibe amene anayambira pa madzi ndi mpweya mpaka kufika pa RNA yodzikopera yokha mu botolo limodzi munthu osalowererapo. Mu 2009 Tracey Lincoln ndi Gerald Joyce ku Scripps ku California anapanga ma RNA awiri opangana, uyu kupanga uyo, uyo kupanga uyu, osaleka, koma ankawapatsa zidutswa zokonzeratu zoti angolumikiza. Masitepe ambiri ayesedwa limodzilimodzi ndipo atheka, koma ulendo wonse sunalumikizike.

Mkulu_wa_Mpondasi anayankha:

Asalaam aleikum ana anga. Ine ndi wachikulire, ndinali kalaliki mpaka ndinapuma, koma ndawerenga zonse mwalembazi mofatsa. Ine ndimakhulupirira kuti wolenga ndi Mulungu ndipo apo sindisuntha. Sindinabwere kudzakangana, ndili ndi funso. Mdzukulu wanga anandionetsa tebulo la m'buku lake loti zilembo zitatu zimaimira amino acid imodzi, zitatu zina zimaimira ina. Tsono mukati chakuti chikuimira chakuti, pamakhala amene anaika kuti zikhale choncho. Madzi ndi dongo zinagwirizana bwanji kuti zilembo izi ziziimira ichi osati icho? Apa mpamene ndikuona kuti simunafikepo.

Mayi_wa_ku_Labu anayankha:

Waaleikum salaam bambo. Mwakhudza pamalo povuta kuposa ponse, ndipo akatswiri eniake amavomereza kuti chiyambi cha code imeneyi sichinamasulidwe. Inenso ndimapemphera, ndipo mmene ndimaonera labu imafufuza njira imene zinthu zinadzera, za mwini wake zilibe makina oziyezera. Koma pa njirayo pali zimene zikudziwika, ndiloleni ndiziike apa.

Zilembo zinayi mukamaziika zitatuzitatu zimatuluka mitundu 64. Mwa imeneyi 61 imaimira ma amino acid 20, itatu yotsalayo imauza makina kuti imani apa. Woyamba kuwerengedwa anali UUU, mu 1961 Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anaika RNA ya U yekhayekha mu madzi a mkati mwa bakiteriya ndipo munatuluka chingwe cha phenylalanine yekhayekha. Tsono mu selo mulibe tebulo lolembedwa ngati la m'buku la mdzukulu wanulo. Chilipo ndi ka RNA kakang'ono kotchedwa tRNA, mbali imodzi kali ndi zilembo zitatu zogwirana ndi codon, mbali inayo kamanyamula amino acid. Nde kuimira kuja ndi kugwirana kwa zinthu, pali enzyme imene imazindikira mpangidwe wa tRNA yakuti ndi wa amino acid yakuti nkuzimangirira pamodzi. Vuto nlakuti ma enzyme amenewo ndi mapuloteni, opangidwa ndi code yomweyo, funso la mwana wa ku Namwera lija labweranso apa.

Pothawira pake ndi RNA yomweyo. Gulu la Michael Yarus ku Colorado linaonetsa kuti RNA imatha kumangirira amino acid pa RNA popanda puloteni, ndipo mu 2010 anapeza kamodzi ka zilembo zisanu zokha kochita zimenezo. Nde nkutheka kuti poyamba ma amino acid ankangomangiriridwa pa RNA kuti aithandize ntchito kapena kuiteteza, kenako awiri nkulumikizana, atatu, ndipo RNA imene inkalumikiza bwino ndi imene inakhala gogo wa ribosome.

Tebulolo mukaliyang'anitsitsa silinangomwazika. Ma amino acid osavuta amene amatuluka kwambiri mu ma experiment a mtundu wa Miller ndi mmiyala yakugwa ija, glycine, alanine, aspartic acid, valine, ma codon awo onse amayamba ndi G. Ambiri amaona apa chizindikiro choti code inayamba yaing'ono ndi ma amino acid ochepa, ena ovuta monga tryptophan nkumalowa pambuyo pamene maselo anayamba kuwapanga okha. Komanso ma codon ofanana amaimira ma amino acid a khalidwe lofanana, amene ali ndi U pakati pafupifupi onse ndi odana ndi madzi, ndipo chilembo chachitatu nthawi zambiri chikasintha amino acid sasintha. Code yotere imakhululuka zolakwika zambiri, nde zamoyo zimene zinali nayo zinkapulumuka kuposa zinzake. Siikhululuka zonse ayi, ife timaona ana a sickle cell, GAG kusanduka GTG mu jini ya hemoglobin, puloteni yonyamula oxygen mmagazi, glutamic acid kuchoka valine kulowa, chilembo chimodzi chokha mwana nkumavutika moyo wonse.

Crick mu 1968 anapereka ganizo loti code itangokhazikika inauma pomwepo, chifukwa kusintha tanthauzo la codon imodzi kukanaononga mapuloteni onse nthawi imodzi. Nchifukwa chake lero munthu, usipa, chimanga ndi kachilombo ka malungo tonse tikugwiritsa ntchito tebulo limodzi, kupatula tosiyana tochepa monga mu mitochondria, tizigawo ta mu selo topanga mphamvu. Umboni wake uli mu firiji ya mankhwala, insulin yambiri imene odwala shuga amabaya imapangidwa ndi bakiteriya kapena yisiti zoikidwa jini ya munthu, zimaiwerenga bwinobwino.

Mkulu_wa_Mpondasi anayankha:

Zikomo mwana wanga, mwandiyankha mwaulemu ndipo simunabise pamene pakadali potseguka. Kwa ine tebulo limodzi pa zamoyo zonse ndi chizindikiro cha dzanja limodzi, inu mukuti ndi chizindikiro cha kholo limodzi. Ndikafotokozera mdzukulu wanga zonse ziwiri.

Mphunzitsi_Namwera anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mayi, achimwene a ku Monkey Bay, ndi inu bambo chifukwa funso lanu latitulutsira zambiri. Ana anga DNA anaiona kale ndi maso, tinafinya nthochi mu jumbo ndi madzi amchere ndi sopo wotsukira mbale, kusefa pa kansalu, kenako kuthira spirit wozizira pang'onopang'ono mmbali mwa tambula, toyera tonanda tija nkuyandama tikumatitola ndi kamtengo. Nde akamva kuti zimenezo zili ndi mbiri yake asangalala.

Chatsala chimodzi achimwene. Natural selection timaphunzitsa ndi zamoyo zobereka, monga mbuna za ku Cape Maclear zimene zinagawikana mitundu yambirimbiri. Nanga pamene kunalibe selo, kunalibe chobereka, kusankhako kunkagwira pa chani?

Mwana_wa_Monkey_Bay anayankha:

Aphunzitsi kusankha sikudikira selo, kumangofuna chinthu chokopereka, cholakwika pena pokopera, ndi zomangira zosakwanira onse. Sol Spiegelman anazionetsa m'ma 1960 ku Illinois. Anatenga RNA ya vayirasi yotchedwa Q-beta ya zilembo zoposa 4,000, nkuiika mu chubu pamodzi ndi enzyme yake yokopera ndi zomangira, ikachulukana amatapako pang'ono kuika mu chubu china chatsopano, kutapanso kuika mu china, choncho choncho. Mapeto ake RNA ija inafupika kutsala zilembo mazana ochepa chabe, inataya zonse zothandiza kulowa mu bakiteriya chifukwa mu chubu zinalibe ntchito, yaifupi imakopereka msanga nde inapambana. Munalibe selo mmenemo koma kusankha kunachitika.

Koma taonani vuto limene zikuonetsa, RNA ikakhala poyera imapambana ndi yaifupi yodzikonda, osati yothandiza. Ribozyme yokopera ikhoza kutha mphamvu zake kukopera ena amene saibwezera kanthu. Manfred Eigen mu 1971 anaonetsanso vuto lina, kukopera kopanda enzyme yabwino kumalakwitsa kwambiri moti chingwe chopitirira zilembo pafupifupi 100 malangizo ake amasokonekera, chonsecho kuti mulembe enzyme yabwinoyo mufunika chingwe chachitali kuposa pamenepo.

Apa mpamene kathumba kamafunika. Ma fatty acid, omwe ali mu sopo aja, mukawaika mmadzi pa mlingo woyenera amadzisonkhanitsa okha nkupanga timatumba tozungulira tokhala ndi madzi mkati, chifukwa mutu wawo umakonda madzi mchira umadana nawo. David Deamer anatenga mafuta a mu mwala wa Murchison uja ndipo nawo anapanga timatumba totere. RNA ikatsekeredwa mkati phindu la ntchito yake limatsalira kwa iyo ndi ana ake, kathumba kodzaza ndi zodzikonda kamafa nazo, kokhala ndi zothandizana kamapitirira. Ndipo dongo la montmorillonite lija limafulumizitsanso kupangika kwa timatumbati, pena kadongo konyamula RNA nkutsekeredwa mkati momwemo, izi anazionetsa a mu labu ya Jack Szostak ku Boston mu 2003. Chaka chotsatira labu yomweyo inasakaniza timatumba tokhala ndi RNA mkati ndi topanda kanthu, tokhala ndi RNA tinkakoka madzi nkufufuma chifukwa cha osmosis, khungu lake nkukungika, kenako nkuyamba kulanda ma fatty acid a topanda kanthu tija, ito tikukula tinzake tikufota. Nde RNA yokopereka msanga ikanakulitsa kathumba kake msanga, popanda puloteni ngakhale imodzi. Osmosis ana anu anaphunzira kale, mukhoza kuyambira pamenepo.